Kwa achimwene ofuna ntchito yothyola makodi achinsinsi

Achimwene, mwafunsa ngati munthu amene wangolemba kumene MSCE angadzapeze chakudya pa ntchito yomasula mauthenga obisidwa m'makodi, komanso kuti ayambire pati. N'zotheka ndithu, koma dzifunseni kaye ngati masamu mumawakonda, chifukwa ntchito yonseyi yagona pamenepo.

Ambiri tikamva za ntchitoyi timakumbukira Alan Turing ndi anzake a ku Bletchley Park ku England, amene ankawerenga mauthenga a makina a Enigma a asilikali a Germany pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Ntchito za boma zotere zikadalipo, monga ku GCHQ ku Cheltenham ndi ku NSA ku America, koma kumeneko amalemba nzika zawo zokha. Musaikepo mtima.

Kumene mungalowe ndi ku kafukufuku wa m'mayunivesite, kapena kuyesa chitetezo cha makompyuta a mabanki ndi makampani a mafoni. Makodi amakono ngati AES, imene imabisa mauthenga m'makompyuta, sathyoka ndi kulota. Kawirikawiri amalakwitsa ndi wolemba pulogalamu: wasiya kiyi (nambala yachinsinsi yotsegulira uthenga) poyera, kapena nambala yoyenera kugwira ntchito kamodzi waibwereza. Ndiye tsiku lanu lizidzatha mukuwerenga pulogalamu ya munthu wina mzere ndi mzere, kenako n'kulemba lipoti loti abwana osadziwa masamu alimve. Nthawi zina mwezi umatha osapeza kanthu. Koma tsiku lopeza limakoma. Mu 2022, Wouter Castryck ndi Thomas Decru a ku KU Leuven ku Belgium anagwetsa SIKE, kodi imene inafika patali pa mpikisano wosankha makodi atsopano wa NIST, bungwe la boma la America loona za miyezo, pa kompyuta wamba m'nthawi yongokwana ola limodzi. Chida chawo chinali masamu basi.

Dziyeseni madzulo ano. Mnzanu alembe ndime ya Chichewa, chilembo chilichonse achisinthe ndi chizindikiro chake, osakuuzani. Tengani pensulo, muwerenge chizindikiro chimene chikubwera kwambiri. Mudzapeza kuti ndi "a". Ndiye yang'anani kumathero a mawu: mawu athu amathera pa a, e, i, o kapena u, choncho zilembo zisanu mwazikola kale. Njira yowerenga zilemboyi anailemba al-Kindi ku Baghdad m'zaka za m'ma 800. Mukaona kuti nsima yazizira inu mukadali papepalapo, ntchitoyi ikukuyenerani.

Za sukulu, ine ndingasankhe digiri ya masamu ku University of Malawi ku Zomba, kapena ya chitetezo cha makompyuta ku MUST ku Thyolo. Mulimbikire aljebra, number theory ndi probability, ndipo Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, muyambe pano, musadikire kusankhidwa. Pa intaneti pali masamba oyesererapo kuthyola makodi, monga CryptoHack, Cryptopals ndi picoCTF, aulere, kupatula bandulo. Mukamaliza digiri yoyamba, yesani sukulu ya masamu ya AIMS (African Institute for Mathematical Sciences) ku Cape Town kapena ku Kigali.

Chimodzi chokha ndikupempheni ndi mtima wonse. Luso likayamba kukula, anthu adzabwera kuti muwatsegulire foni ya mkazi wawo kapena akaunti ya Facebook ya mnzawo. Mukane. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limaletsa kulowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo, ndipo palibe banki imene ingapereke makiyi ake kwa munthu wa mbiri imeneyo. Muziyesera pa kompyuta yanu, kapena pamene mwini wake wakulemberani kalata yokulolani.