Katarantula kagona chagada: kafa kapena kakufundula?

Bambo wina wa ku Rosettenville, kuno ku Johannesburg, wanditumizira imelo. Akuti mwana wawo anagula katarantula (kamwana ka kangaude wamkulu waubweya) kakang'ono ngati chikhadabo, ka mtundu wa curly hair. Katha masabata awiri osadya, ndiye dzulo akapeza katagona chagada. "Kodi tikataye?"

Ayi bambo, musakataye, ndipo musakakhudze n'komwe. Tarantula akagona chagada amakhala akufundula. Tating'ono timafundula pafupipafupi, mwina mwezi ndi mwezi, ndipo tisanatero timakana chakudya, mimba n'kuda bii. Mukakatembenuza ndi kamtengo kangathe kukanirira m'chikopa chakalecho. Ngati m'botolo lomwe mukukasungiramo muli nkhululu yamoyo ichotseni, imaluma kangaude akadali wofewa. Kakafundula dikirani masiku 5 mpaka 7 kuti mano ake ade ndi kulimba, kenako kapatseni mwendo wa nkhululu yakufa.

Zoopsa ndi pamene mwakapeza chafufumimba, miyendo itapindikira kunsi kwa thupi ngati chibakera. Kangaude amatambasula miyendo ndi mphamvu ya madzi a m'thupi mwake, ndiye madziwo akachepa miyendo imafumbatana. Kawirikawiri limakhala ludzu basi. Ndipo kuno ludzu ndi losasowa. Johannesburg ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750, ndipo kuyambira June mpaka August mvula kulibe, mpweya uli gwaa, ifenso milomo kung'ambika. Tikayatsa hita ndiye kuwonjezera. Kanga koyamba kanapita chonchi mu July: ndinakasendeza pafupi ndi hita poopa kuzizira, ati kukamvera chisoni. Patatha masiku atatu dothi linali fumbi lokhalokha, kakangaude katafumbata.

Ikani madzi m'kachitsekero ka botolo, musaope kuti kamira. Nyowetsani ngodya imodzi ya dothi, madontho ochepa otsetsereka m'mbali mwa botolo, kwinako kukhale kouma. Musachite kuthira ngati dimba, chifukwa chinyontho chopanda timabowo ta mpweya chimabweretsa chuku, nacho chimapha. Kutentha kwa madigiri 22 mpaka 26 n'kokwanira.

Mwanayo asamakanyamule m'manja, kakagwa mimba imaphulika. Komanso mayi a kunyumba muwauze bwinobwino kuti mankhwala opopera mphemvu ndi udzudzu asafike m'chipindamo, nawonso a utitiri wa galu chimodzimodzi. Kangaude akakhudzana nawo amayamba kuyenda mophupha, miyendo ikunjenjemera, ndipo ambiri sachira.