Damu likagumuka, mwini wake amasowa

Achimwene ena a cha ku Linthipe anditumizira imelo. Akuti malemu bambo awo anatchinga kamtsinje ndi dothi kuti mbalame ndi tinyama tizimwapo. Pano abale akulimbirana damulo, khoma lakenso layamba kudontha. Akufunsa: ndi la ndani, nanga silingaphe anthu?

Achimwene, mwandikanda pachilonda. Amalume anga anakumba damu lotere m'dambo cha ku Bembeke, ndi makasu ndi wilibala basi. Madzi atadzaza kunayamba kubwera nkhanga, akakowa, atsekwe, ngakhale gwape ankatsika mbandakucha kudzamwa. Anthu anayamba kulitchula dzina la amalumewo. Koma iwo anali mkamwini, malo anali a kuchikazi. Atamwalira, ana ankati ndi thukuta la bambo awo, alamu ankati dambo ndi la mbumba yawo, anyamata a m'mudzi ankangotchera misampha ya nkhanga usiku. Wina anadzala bulugamu pakhoma penipeni, akuti mizu igwire dothi. Chaka china mu February mvula inagwa usiku wonse, khoma linang'ambika, madzi anakokolola madimba a mbatatesi ndi kabichi kumunsi. Pabwalo la amfumu aliyense anakana. "Si langa, anakumba ndi malemu."

N'chifukwa chake ndimakwiya ndikamva anthu akukanganirana damu. Amafuna nsomba ndi madzi othirira, safuna khasu lokonzera. Kwa ine, amene sanakwirirepo una wa mfuko pakhoma asatsegule pakamwa pa za umwini.

Ndipo tisamanamizane kuti vuto ndi la timadamu ta kumudzi tokha. Damu la Mpira ku Ntcheu, lomwe limamwetsa anthu mpaka ku Balaka, linaphwa mu 2018. Mitengo itatha kumtunda, dothi linatsikira m'damu. Lanu lingakwiririke msanga kuposa pamenepo ngati anthu akulima mpaka m'mphepete. Tinyama timene bambo anu ankafunato sitibwera pamalo poyera. Timafuna bango, udzu ndi tchire lobisalamo, ndiye moto wa osaka mbewa mu September ndi mdani wamkulu kuposa fisi.

Za malamulo

Lamulo la za madzi la 2013 limaika madzi onse m'manja mwa boma, ndipo kutchinga mtsinje kumafuna chilolezo cha bungwe la boma loyang'anira madzi la National Water Resources Authority. Malo angakhale a banja lanu, madzi ayi. Akumunsi nawonso ali ndi ufulu wolandira madziwo. Khalani pansi ndi eni mbumba ndi amfumu, mulembe papepala amene azisamalira damulo ndiponso amene adzayankhe likawononga za eni. Funsani ku ofesi ya za malo kwa DC za kalembera wa malo a makolo.

Kudonthako ndiye kusadikire milandu. Tungani madziwo m'botolo. Akakhala oyera ndipo sakuchuluka, muziwayang'anira. Akakhala amatope, ndiye kuti khoma likudyeka m'kati: chepetsani madzi pang'onopang'ono, chenjezani akumunsi, itanani alangizi a zaulimi wothirira mvula isanayambe. Ngalande yotayira madzi osefukira ikhale yotakata, yotsika kuposa khoma, ndipo idutse pa nthaka yosakumbidwa. Pakhoma dzalani kapinga, osati mitengo, fukulani chiswe, ng'ombe zimwere mbali ina. Ana asasambemo. Kupatula kumira, madzi odikha amasunga nkhono za likodzo.