Musagule kaye sikirini achimwene, yambani mwaona dalaiva

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena omwe amaphunzitsa ku Dedza ndipo ndati ndiyankhire pompano chifukwa vuto lawoli ambiri muli nalo. Akuti ali ndi laputopu ya kaunjika, Core i5 ya 2nd gen, RAM 4GB, inkayenda bwinobwino pa Windows 7, ndiye mnzawo anawaikira Windows 10 basi kuyambira tsiku limenelo zinthu pa sikirini zikuoneka zikuluzikulu, nkhope za anthu zophwatalala, mabatani owonjezera kuwala sakugwira, komanso akatsegula YouTube sikirini imada kamphindi kenako n'kubwerera. Wokonza wina wawauza kuti sikirini yatha agule ina. Funso ndi loti agule kapena ayi.

Achimwene ndalamayo isungeni kaye. Momwe mwafotokozeramu ine sindikuona kuti sikirini yanu yafa, sikirini simafa chifukwa choti mwasintha Windows.

Malaputopu a gulu limenelo, za ngati HP EliteBook 8460p, Dell Latitude E6420, ThinkPad T420, ambiri mwa iwo alibe graphics card yapayokha. Chomwe chimajambula zithunzi chili mkati mwa purosesa momwemo, dzina lake Intel HD Graphics 3000, chinatuluka 2011, ndipo chilibe memory yakeyake chimabwereka pa RAM yomwe ija ya 4GB. Windows 10 inabwera 2015 ndipo Intel sanaike HD 3000 pa mndandanda wa zomwe akuzithandiza pa Windows 10, anayambira pa HD 4000 ya 3rd gen. Ndiye munthu akafomata n'kuika Windows 10 opanda intaneti, kompyuta imangotenga kadalaiva (dalaiva ndi kapulogalamu kothandiza Windows kuyendetsa chida cha mu kompyuta) kongogwirizira kotchedwa Microsoft Basic Display Adapter, kamene ntchito yake ndi kungoti muone chinachake basi. Nthawi zambiri sikadziwa kukula kwenikweni kwa sikirini yanu, mwachitsanzo 1366x768, kamangoika 1024x768 n'kukoka chithunzicho kuti chidzaze, n'chifukwa chake nkhope zikuphwatalala, ndipo za kuwala sikamazidziwa n'komwe.

Koma tisangoganizira, yesani izi zaulere. Zimitsani, yatsaninso n'kumadinadina F10 ngati ndi HP, F2 ngati ndi Dell, F1 ngati ndi ThinkPad, mulowe mu BIOS, komwe kumakhala ma settings a makina enieniwo. Mmenemo Windows sinayambe ndipo dalaiva wake sanadzuke. Khalani pamenepo mphindi zisanu mukuyang'anitsitsa. Ngati zolemba zili zoyera, palibe mizere, palibe kuphethira, galasi lanu lili bwino ndipo vuto lili mu Windows. Ngati mizere ikuoneka ngakhale mu BIOS momwemo apo ndiye ndi za hardware, koma ngakhale pamenepo si kuti ndi sikirini basi.

Chachiwiri pezani TV kapena monita, kusukulu kwanuko mwina ilipo, lumikizani ndi kebo ya VGA kapena HDMI, dinani Windows ndi P musankhe Duplicate. Vuto likaoneka konsekonse ndiye kuti sikirini ya laputopu ilibe mlandu. Likaoneka pa laputopu pokha, gwirani chivundikiro muzichitsegula ndi kutseka pang'onopang'ono mukuyang'ana. Ine laputopu yanga yakale inkachita mizere yobiriwira, ndimati ndikapendeketsa chivundikiro pang'ono chabe mizere ija zii, ndikabweza yabweranso, mpaka ndinkachita kuika buku kumbuyo kuti chisasunthe. Titatsegula tinapeza kuti kawaya kopyapyala kochoka pa bodi kupita ku sikirini, kamene kamadutsa pa hinji, kanali katasupuka chifukwa chotsegula ndi kutseka kwa zaka zambiri. Tinangosintha kawayako, sikirini yomwe ija inagwirabe ntchito. Ndipo mukamayesa ndi VGA onaninso timano ta kebo, kamodzi kakapindika chithunzi chonse chimasanduka chapinki kapena chachikasu munthu n'kumati kompyuta yapsa.

Kwa ena amene sikirini yada yonse koma fani ikulira, walitsani tochi ya foni pafupi ndi galasi mopendeketsa. Mukaona zithunzi mwa chizimezime ndiye kuti chafa ndi nyali yakumbuyo, pa malaputopu akale kwambiri a Core 2 Duo kawirikawiri kamakhala ka inverter, kabodi kopereka magetsi ku nyaliyo.

Tsopano za dalaiva zomwe ndikukhulupirira kuti ndi vuto lanu. Dinani Windows ndi X, tsegulani Device Manager, pitani pa Display adapters. Pakalembedwa Microsoft Basic Display Adapter basi tamugwira. Gulani bandulo yokwanira, yatsani hotspot, koma onetsetsani kuti Windows sikuitenga ngati metered connection, intaneti yofunika kusamala bandulo, chifukwa ikatero imasiya kukoka madalaiva, kenako pangani Windows Update muonenso pa Optional updates. Kambiri imabweretsa yokha dalaiva wa HD 3000 ndipo mumangoona sikirini yaphethira kamodzi zonse zakhala m'malo mwake. Ikakanika pitani pa webusaiti ya omwe anapanga laputopuyo, lembani model yanu, tengani dalaiva wa graphics wa Windows 8.1 kapena 7, samalani za 32-bit ndi 64-bit. Akakana kulowa, mumasuleni mu foda, bwererani mu Device Manager, Update driver, Browse my computer, Let me pick, Have Disk, mulozereni fodayo. Chonde chonde musamaike timapulogalamu tija timati tikupezerani madalaiva onse nthawi imodzi, ndaona makompyuta ambiri atasokonezeka nato ndipo zimandiwawa chifukwa eni ake amakhala anavutikira kuti agule.

Kuwala kukapanda kugwirabe, mu Device Manager momwemo onani pa Monitors, Generic PnP Monitor akhale enabled.

Za YouTube zija. Windows ikaona kuti graphics yakhala masekondi awiri osayankha imayambitsanso dalaiva, kuda kwa kamphindi kuja ndi kumeneko. HD 3000 imatha kumasula mavidiyo a mtundu wa H.264 koma VP9 yomwe YouTube imakonda kutumiza siyidziwa, ndiye katundu yense amagwera purosesa, iyo n'kutentha, kuphatikiza fumbi lomwe ladzadza mu fani ndi kutentha kwa Okutobala ndiye zimangoipiratu. Mu Chrome pitani Settings, System, zimitsani graphics acceleration muyese, vidiyo muziika pa 480p kapena 720p zimapulumutsanso bandulo. Fani ipukutidwe, thermal paste (kaphala kothandiza kuchotsa kutentha pa purosesa) asinthe, ndipo musamaike laputopu pa bulangete. Sikirini ikada osabwerera dinani Windows, Ctrl, Shift ndi B pamodzi, mumva kakulira kenako chithunzi chibwera.

Mukamaona timabokosi tamitundumitundu ngakhale dalaiva ali bwino ganizirani RAM, paja graphics imadya mbale imodzi ndi iyo. Chotsani batire ndi chaja, zulani RAM, pukutani timano take ndi labala yofufutira pensulo, bwezerani mpaka imveke kuti thwa. Mukapeza ina ya DDR3 kuti ifike 8GB mudzaona kusintha.

China choti mudziwe, Microsoft inasiya kuthandiza Windows 7 pa 14 Januwale 2020, Windows 10 nayo inasiya kuithandiza pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna purosesa za 8th gen kupita m'tsogolo. Ngati ntchito yanu ndi kulemba mayeso, ma scheme ndi kuona intaneti, Linux Mint ya Xfce, yomwe imalowa m'malo mwa Windows, imayenda bwino pa makina amenewa ndipo dalaiva wa Intel amabwera ali kale mkati, mukhoza kuiyesa pa flash osafufuta kalikonse. Kumenenso ndi kuyesa kwabwino, chithunzi chikakhala choyera pa flash ndiye kuti sikirini ili moyo.

Mukayesa za BIOS zija mundijambulire ndi foni, komanso zomwe zalembedwa pa Display adapters, munditumizire pa imelo yomweyi tione limodzi musanabwerere kwa wokonza uja.