Mitambo ikaphimba mapiri, ndege imatera bwanji?

Funso: M'dzinja mitambo imaphimba phiri la Kanjala mpaka osaoneka. Woyendetsa ndege akamatsikira muno mu Chipata, amadziwa bwanji kuti sawomba phiri? Mayi wa ku Kapata.

Yankho: Mayi, pamenepo sadalira maso. Mapu ake amamuuza msinkhu wosayenera kutsika kupitirira: mafiti osachepera 1,000 pamwamba pa chinthu chachitali koposa m'dera lozungulira bwalo. Chimene ine chimandidetsa nkhawa ndi altimeter, chida choyezera kutalika. Chimadalira kulemera kwa mpweya, ndiye akachitchera molakwika ndi ma hectopascal 10 (muyeso wa kulemera kwa mpweya), chimanama ndi mafiti pafupifupi 300, phiri lili pompo. Ndege zazikulu zilinso ndi GPWS, yomwe imachenjeza nthaka ikayandikira modzidzimutsa. Woyendetsa akafika pamsinkhu womaliza umene amaloledwa kutsikira, bwalo lisakuoneka, ayenera kukweranso, kenako kuyesanso kapena kukatera kwina, monga ku Mfuwe.