Yambani ndi ya Trajan, ya Judaea idikire kaye

Achimwene, mwafunsa kuti pa ndalama zasiliva zimene Aroma ankasula pokumbukira maiko omwe agonjetsa mugule iti poyamba, ndipo mwati mtima uli pa ija ya mfumu ya Aroma Vespasian yolembedwa IVDAEA, kutanthauza dziko la Judaea. Sindikukudabwani. Pa ndalamayo, mayi woimira Judaea wakhala pansi mutu utatsamira padzanja, kumbuyo kwake kuli mtengo wopachikapo zida za ogonja, ndipo munthu ukaiona umakumbukira kuti mu chaka cha 70 AD Titus, mwana wa Vespasian, anaphwasula Jerusalem ndi kachisi yemwe. Koma mbiri yomweyo ndiyo imaikweza mtengo, komanso akamberembere amaikonda. Yotchipa imene mwaiona pa intaneti ija ndikuikayikira kwambiri.

Ine ndikuti yambani ndi denarius (ndalama yasiliva ya Aroma) ya mfumu Trajan ya nkhondo za ku Dacia, dziko lomwe lero kwakukulu ndi Romania. Anamenyako kawiri, 101 mpaka 102, kenako 105 mpaka 106, mfumu ya ku Dacia, Decebalus, n'kudzipha itaona kuti zavuta. Ndalamazi anazisula zambirimbiri, n'chifukwa chake zimapezeka pamtengo woti munthu wongoyamba kumene angapirire. Funani yokhala ndi zilembo DAC CAP pansi, kutanthauza kuti Dacia yagwidwa. Pa ina mumaona munthu wa ku Dacia atakhala pamulu wa zishango, atavala chipewa chosongoka cha kwawo. Muyang'anitsitse chipewacho ndi nkhope. Pakasiliva kosaposa mamilimita 20, wosema anakwanitsa kuonetsa chisoni cha munthu amene dziko lake latha, ndipo chimenechi n'chomwe chimandikoka ine.

Ya Octavian (amene anadzakhala mfumu Augustus) ya mu 28 BC, yokhala ndi ng'ona ndi mawu oti AEGYPTO CAPTA, kutanthauza kuti Egypt yagwidwa, ndi yokongola zedi, koma mtengo wake si wa oyamba kumene. Chimodzimodzi ya mfumu Claudius yolembedwa DE BRITANN, yokumbukira kugonjetsa Britain.

Musanalipire, wogulitsa akuuzeni kulemera kwake. Ya Trajan imaposa pang'ono magalamu atatu, ndiye ikapepuka kwambiri pali chifukwa. Pemphaninso chithunzi cha m'mphepete. Zenizeni ankazisula ndi nyundo, pomwe zabodza zambiri amachita kuthira m'chikombole, choncho zimasiya kamzere kozungulira m'mbali ndi timaenje ting'onoting'ono pamwamba, zilembo nazo zimaoneka zofewa. Akupatseni nambala yake ya mu RIC, mabuku a mndandanda wa ndalama za mafumu a Aroma, inu mukaifananize ndi zithunzi za pa OCRE, tsamba laulere la American Numismatic Society. Gulani kwa amene amanena komwe ndalamayo yachokera ndipo amalemba kuti adzabweza ndalama zanu ikadzapezeka yabodza. Akayamba kuzemba mafunso amenewa, musiyeni.

Ikafika, chonde musaikweche ndi mankhwala aliwonse ofuna kuti iwale. Kuda kwa pamwamba pakeko n'kwa zaka mazanamazana, ndipo mukakuchotsa mtengo umatsika. Igwireni m'mphepete, muisunge pouma m'kaemvulopu ka pepala lopanda asidi.