Tifunseni: Kodi ku mapanga a Cango angalowe munthu wathupi ngati ine?

FUNSO: Malume, ine ndili ku Cape Town kuno ndimagwira ntchito yapanyumba, ndiye azimayi akumpingo kwathu tasonkherana ndalama kuti mu Disembala tikayende ku Oudtshoorn tikaone mapanga a Cango. Vuto nlakuti ine thupi Mulungu anandipatsa ndithu, ndipo mnzanga wina akundiopseza eti kuli malo oti munthu amatsakamira osatulukanso, wina akuti mkatimo mpweya mulibe. Nzoona zimenezi? Komanso ana kumudzi akuti ndidzawatengere kamwala ka mkatimo, amalola? Mayi wa ku Cape Town

YANKHO: Mayi, pitani musabweze ndalamazo ayi. Koma mnzanuyo sakunama kwenikweni, kungoti nkhani waiyambira pakati. Pa 1 Januwale 2007 mayi wina anatsakamiradi pa kampata kena kotchedwa Tunnel of Love, anakhala pompo maola ngati 10 ndipo anthu oposa 20 omwe anali atadutsa kale anasowa potulukira mpaka opulumutsa anthu atabwera nkumudzoza mafuta kuti aterereke. Anatuluka wamoyo. Komatu kampatako kali pa ulendo wachiwiri umene amautcha Adventure Tour, wa mphindi 90, wokwawa chafufumimba ndi kukwera mmipata yothina, ndipo kumapeto kwake kuli kena kotchedwa Postbox kongotalika masentimita 27 basi kuchoka pansi kufika pamwamba, munthu umadutsa ngati kalata. Inu kumeneko kusiyeni, nanga mwapita kukasangalala kapena kukalimbana ndi mwala? Pogula tikiti munene kuti mukufuna Heritage Tour, wa ola limodzi, woyenda chilili mmaholo akuluakulu, muli magetsi ndi masitepe. Masitepewo ndiye alipo ambiri, ngati maondo amakuvutani muziyenda mwa phee kumbuyo kwa gulu.

Za mpweya musade nkhawa, ulipo, kungoti ndi wachinyontho ndipo mkatimo simutentha kapena kuzizira, madigiri amangosewera cha mma 18 mpaka 20 chaka chonse pomwe panja mu Disembala dzuwa la kudera loumalo, lotchedwa Karoo, limaotcha ngati moto. Ine ndinalowa ndi juzi poganiza kuti kuphanga kumazizira, ndinangovutika nayo kuinyamula mmanja kkkk.

Chomwe sindidzaiwala ndi holo yoyamba, Van Zyl's Hall, yomwe inatengera dzina la mlimi wina, Jacobus van Zyl, amene amati analowamo mu 1780 (ngakhale anthu a mtundu wa San ankakhala pakhomo la phangalo kalekale iye asanabadwe nkomwe). Holoyo ndi yaikulu moti kale ankachitiramo makonsati mpaka anasiya poona kuti anthu akuononga. Wotiperekeza anatiuza kuti tiime pamodzi, kenako anazimitsa magetsi onse nkusiya kanyali kamodzi kuti tione momwe oyamba aja ankaonera, kenakonso thii. Mayi, mdima umenewo ine sindinauonepo, ngakhale wakumudzi mwezi kulibe sufikako, dzanja lako lili pamphuno koma osaliona, ndipo mu chetemo umangomva dontho kwinakwake likuti tho, kudikira, tho. Atayatsanso ndi pomwe mwala wautali woima ngati mzati, wotchedwa Cleopatra's Needle, unaonekera, pafupifupi mamita 10 kuchokera pansi, ndipo amauyerekeza kuti uli ndi zaka 150,000.

Ndiye apa ndi pomwe pali yankho la kamwala ka ana aja. Phiri la Swartberg, komwe kuli mapangawa, mmunsi mwakemo muli mwala wa laimu, mtundu womwe uja amapangira simenti, ngati umene ankakumba ku Changalume ku Zomba. Mvula ikagwa nkulowa munthaka imatenga mpweya wa carbon dioxide nkusanduka kaasidi kofooka kwambiri, kameneka ndi komwe kamasungunula mwalawo pang'onopang'ono mpaka kuboola mapanga. Madziwo akamadontha kudenga la phanga amasiya kalaimu kochepetsetsa, dontho lililonse kusiyako kake, ndiye kumwamba kumamera zolendewera zosongoka zomwe azungu amati stalactite, pansi pomwe dontholo likugwera pamakula china choloza mmwamba, stalagmite, ndipo zikakumana zimapanga mzati. Zina zimachita kuoneka ngati makatani opindika, zina ngati mathithi oti auma ali mkati mogwa, zina ngati mapaipi a limba la mtchalitchi, mayina ake mukawamva konko. Koma sentimita imodzi yokha imatha kutenga zaka 100 kuti ikule, ndiye tangoganizani kachidutswa kotalika ngati chala chanu, kanayamba kudontha agogo a agogo anu asanabadwe, inu nkungokathyola kuti gobede kukaika pawindo kumudzi. Saloleza, ndi mlandu, ndipo lamulo loteteza phangali linayamba kale mu 1820 nthawi ya bwanamkubwa Lord Charles Somerset chifukwa alendo ankangothyola nkumalemba mayina awo pamakoma. Ngakhale kungogwira amakaniza, mafuta a mmanja mwathumu amadetsa mwalawo ndipo pomwe pagwidwa laimu samatanso bwino.

Zotsalazi nzachidule, kuchoka ku Cape Town kufika ku Oudtshoorn ndi makilomita opitirira 400 ndiye mulawire, phangalo lili makilomita ena ngati 30 kuchoka mtauni, ndipo popeza Disembala ndi holide anthu amadzaza, auzeni amene akuyendetsa za ulendowo asungitsiretu malo a gulu lonse. Valani nsapato zafulati zosaterera, zagogoda zisiyeni mbasi. Anawo mudzawajambulire zithunzi pafoni, ndipo ngati akufunabe chogwirika mmanja, Oudtshoorn ndi kwawo kwa nthiwatiwa, mmbali mwa msewu amagulitsa nthenga ndi zikamba za mazira ake, dzira limodzi kukula kwake ngati a nkhuku 24. Kungoti mulikulunge bwino muchitenje, ulendo wapabasi wakumudzi mukuudziwa.

Malume