Anti, ndikatsika pa gome palibe ondiuza zoona

FUNSO: Zikomo Anti. Ine ndi mtsikana wa zaka 29, ndinadzozedwa ubusa chaka chathachi ndipo anandipatsa mpingo woti ndiziyang'anira. Vuto langa ndi loti ndili ndekhandekha. Kumisonkhano ya abusa wamkazi ndimakhala ine ndekha, ena onsewo ndi azibambo oti akhoza kundibereka, ndiye ndikafuna kufunsa kanthu ndimaopa kuti aziti mwaona, tinkanena ife kuti ntchitoyi si ya akazi. Ndikatsika pa gome anthu amangoti mwatidalitsa abusa, ena amayamba za diresi langa kapena kuti ndikwatiwa liti, palibe ondiuza ngati ulalikiwo unamveka kapena ndimangozungulira. Pena ndimadzimva kuti ndikungobwereza zomwezomwezo Sande iliyonse. Anzanga a kukoleji tinabalalika. Nditani kuti ndikule?

Mbusa wachitsikana

YANKHO: Abusa, kalata yanu yandikhudza zedi, makamaka pomwe mwati mumaopa kufunsa. Munthu woti sangafunse samakula, olo akhale ndi mphatso yotani. Ndipo mawu oti mwatidalitsa aja ndi achikondi, alandireni ndithu, koma musawatenge ngati muyeso wa ulaliki wanu chifukwa nkhosa sizingauze mbusa wake pakhomo la tchalitchi kuti lero munasochera pakati paja. Amakulemekezani, ena amakuopani. Amene angakuuzeni zimenezo ndi mnzanu amene nayenso amaima pa gome ndipo akudziwa thukuta la Loweruka usiku ulaliki usanapse.

Kusungulumwa mukukumvaku sikunayambe ndi inu. Florence Li Tim-Oi anadzozedwa mu 1944 ndi bishopu Ronald Hall wa ku Hong Kong nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mkazi woyamba kukhala wansembe mu mpingo wa Anglican, ndipo analibe mkazi mnzake ngakhale mmodzi wovala kolala woti angamufunse nzeru. Nkhondo itatha anthu anachita phokoso mpaka anabweza chiphaso chake chotumikira, ngakhale unsembe wakewo sanaukane. Church of England, womwe ndi mpingo wa Anglican wa ku England, inadzayamba kudzoza akazi unsembe mu 1994, patapita zaka 50 zathunthu, ndipo mu Africa muno bishopu wamkazi woyamba wa Anglican, Ellinah Wamukoya wa ku Swaziland (pano Eswatini), anadzozedwa mu 2012, dzulodzuloli. Ndiye musadabwe kuti ndondomeko zambiri zothandizira abusa atsopano sizinapangidwe poganizira munthu ngati inu. Nchifukwa chake akazi akhala akudzipangira okha. Mercy Amba Oduyoye anasonkhanitsa amayi ophunzira za umulungu ku Accra mu 1989 nkuyambitsa Circle of Concerned African Women Theologians, ndipo ku America kuli Young Clergy Women International, ya abusa aakazi osakwana zaka 40, omwe zambiri amachezera pa intaneti chifukwa nawonso aliyense ali kwayekha ngati inu nomwe.

Koma ine sindikuti dikirani bungwe lalikulu ayi. Mwati anzanu a kukoleji munabalalika, eti manambala awonso anabalalika? Pezani atatu kapena anayi basi, osapitirira pamenepo chifukwa gulu likakula anthu amangotumizirana mavesi ndi zithunzi za maluwa m'mawa, nkhani yeniyeni osaikhudza. Ngati nkotheka pakhale wina wa mpingo wina, amakhala omasuka kukuuzani chilungamo poti simukulimbirana naye udindo ndipo sakumana ndi akuluakulu anu.

Tsopano pa ulaliki penipenipo. Sande ikubwerayi ikani foni pa gome mujambule mawu anu kuyambira poyamba mpaka pa ameni, kenako mutumize pa WhatsApp kwa anzanuwo, ndipo musawafunse kuti zinali bwanji chifukwa adzangoti zinali bwino. Afunseni kuti aliyense alembe m'chiganizo chimodzi chokha chimene mwalalikira. Akabwera ndi mayankho atatu osiyana dziwani kuti munalalikira maulaliki atatu nthawi imodzi, ndipo kuzungulira mukukudandaulako kumachokera pamenepo, munthu umakhala usanatsimikize wekha chomwe ukufuna kunena ndiye umangowonjezera vesi pamwamba pa vesi. Afunseninso kuti ndi pa mphindi iti pomwe maganizo awo anathawa. Limeneli limawawa, koma limaphunzitsa kuposa buku lililonse la kalalikidwe. Inunso mumvere nokha, tsiku loyamba mudzafuna kuzimitsa foni mutangomva mawu anu, pirirani, mudzamva timawu tomwe mumabwereza osadziwa komanso malo amene mumakuwa chabe chifukwa mfundo yatha. Pamenepa ndinenepo, atsikana ambiri amayesa kulalikira ndi mawu okhuthala ngati a abusa aamuna amene anakula akuwamvera, mpaka kummero kumauma. Palibe chifukwa. Mawu amene Mulungu anakupatsaniwo ndi okwanira, chofunika ndi choti amveke kumbuyo kwa tchalitchi basi.

Za kubwereza zomwezomwezo, mankhwala ake ndi kuwerengera limodzi ndime ya Sande kumayambiriro kwa sabata, Lolemba kapena Lachiwiri, aliyense anene chomwe chamuvuta m'ndimemo osati chomwe chamusangalatsa. Pomwe pakukuvutani mpomwe pamakhala ulaliki watsopano.

Chenjezo langa ndi lakuti gulu lotere limafa ndi zinthu ziwiri. China ndi kuulula zinsinsi, wina akangojambula zomwe mwakambirana nkutumiza kwina basi kwatha, ndiye mugwirizane tsiku loyamba lomwelo, ndipo nkhani za akhristu anu muzikamba osatchula mayina. Chinacho ndi kusanduka malo ongodandaulira. Kulira kulipo ndithu, mukanyozedwa pa maliro kapena mkulu wa mpingo akakudutsani nkukafunsa mbusa wamwamuna wa kwina muyenera kukhala ndi kokalirira, koma mukatha kulirako bwererani ku ulaliki.

Azibambo aja musawataye onse. Pa Machitidwe 18 timamva za Apolo, mlaliki wodziwa kuyankhula, amene Priskila ndi mwamuna wake Akula anamutengera pambali nkumufotokozera bwino njira ya Mulungu, sanamuchititse manyazi pagulu. Pakati pa akuluakulu mukuwaopawo sipangalephere mmodzi wa mtima wa Akula, muzimuona amene amamvetsera mukamayankhula kumsonkhano, ameneyo mufunseni za kayendetsedwe ka mpingo, ndalama, milandu ya mabanja, zinthu zomwe anzanu a msinkhu wanu sanazione.

A diresi ndi ukwati aja ayankheni mwaulemu kamodzi nkuwafunsa kuti nanga pa ulaliki wa lero mwatolapo chani. Ndipo mukajambula ulaliki woyamba uja nkumva zomwe anzanu anena, mundilemberenso abusa, ndikufuna ndidzamve kuti mayankho anabwera angati.